Arduino yanga ikunama voltage ya batire: kodi yapsa?

Funso lachokera kwa wowerenga wina wa ku Santhe: "Bambo, ndili ndi makina oswetsera mazira amene ndinakhoma ndekha, amayendera batire la sola la 12V. Batirelo linanditherapo usiku kawiri, mazira n'kuzizira. Ndiye ndinagula Arduino Uno, bolodi yaing'ono ya kompyuta yolemberamo pulogalamu, kuti iziyeza voltage, kuonetsa pa kagalasi ka LCD ndi kuliza belu batire likatsika. Ndinalumikiza ma resistor awiri, 33k ndi 10k, pakati pake n'kutengera ku pini yoyezera ya A0. Multimeter ikuti batire lili pa 12.5V. Arduino ndikaibaya pa laputopu ikuti 13.3V, ndikaibaya pa tchaja ya foni ikuti 12.2V, komanso manambala amangovinavina. Kodi yapsa? Ndiitanitse ina ku Lilongwe?"

Achimwene, ndalamayo isungeni, mudzagulire chakudya cha anapiye. Arduino yakupsa sipereka manambala aulemu ngati amenewa. Yakupsa imakakamira pa 0 kapena pa 1023, kapena imatentha moti chala sichikhalapo. Yanuyi ikugwira ntchito, ndipo manambala atatu amene mwanditumizirawa ndinawakhalira pansi ndi pensulo kuno ku Kasungu boma, akugwirizana bwinobwino. Vuto lili pa muyezo umene Arduino ikugwiritsa ntchito.

Tiyambire apa: Arduino sidziwa kuti volt n'chiyani. M'kati mwa chip chake, ATmega328P, muli chigawo chotchedwa ADC, ndipo ntchito yake ndi kuyerekeza basi. Chimatenga voltage imene yafika pa A0 n'kuiyerekeza ndi magetsi amene Arduinoyo ikudya, amene amatuluka pa pini yolembedwa 5V. Magetsi amenewo chimawagawa magawo 1024, ndiye chimakuuzani kuti pa A0 pafika magawo angati, kuyambira 0 mpaka 1023. Magetsiwo akakhala 5.00V yeniyeni, gawo limodzi ndi pafupifupi 4.9mV. Koma Arduino siyeza magetsi akewo. Ndi inu amene munalemba mu pulogalamu kuti "chulukitsa ndi 5.0", iyo n'kungomvera.

Inu a ku Santhe nkhani ya ndowa mukuidziwa. Thumba la chimanga ndi lomwelo, koma woyezera ndowa yofinyika amapezamo ndowa zambiri, woyezera ndowa yotukumuka amapezamo zochepa. Ndowa ya Arduino ndi 5V ija. Pa laputopu yanu, waya wa USB ndi kagalasi ka LCD zikuitsitsa, ndipo ndikuyembekeza kuti mukayeza mupeza 4.7V. Ma resistor anu amatsitsa 12.5V kufika pa 2.91V. Mukagawa 2.91 ndi 4.70 n'kuchulukitsa ndi 1024 mupeza cha pa 633, ndipo pulogalamu yokhulupirira 5.0 imasandutsa 633 kukhala 13.3V. Pa tchaja, ngati ikutulutsa 5.12V, nambala imakhala 581, ndiyo 12.2V ija. Batire silinasinthe ayi, yasintha ndi ndowa.

Koma musangondikhulupirira chifukwa ndalemba masamu. Mlimi wochenjera akamapita kwa venda wa soya amanyamula paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, kuti aone kaye ngati sikelo ikunena zoona asanapachikepo thumba lake. Ifenso tichita zomwezo: tiipatsa A0 voltage imene tikuidziwa kale, tione ngati ikuyankha zimene tikuyembekeza.

Chotsani kaye waya wochokera ku batire ndi ma resistor aja, A0 itsale yokha. Lembani kapulogalamu kakang'ono koti kazionetsa nambala yosaphika ya analogRead, lamulo lowerengera pini, popanda kuchulukitsa kapena kugawa chilichonse. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: amayesa ali ndi masamu awo m'kati, ndiye sadziwa ngati wolakwa ndi chip kapena masamuwo. Kenako ikani multimeter pa 20V DC, yezani pakati pa pini ya 5V ndi GND (pini ya negative, ya 0V), Arduino ili yoyaka ndi LCD yake, mulembe pa pepala. Ndimalangizanso kuti poyesa paliponse pakhale resistor ya 1k pakati pa A0 ndi chimene mukuyezacho. Siisokoneza nambala, koma dzanja likaphonya imateteza pini.

Gunditsani A0 ku GND. Muyenera kuona 0. Gunditsani ku 5V, muone 1023. Kenako tengani ma resistor awiri ofanana, a 10k onse, muwalumikize mondondozana kuchokera ku 5V kupita ku GND, pakati pake mutengere ku A0. Nambala ikhale cha pa 511 kapena 512, ikaphonya ikhale pang'ono chabe chifukwa ma resistor safanana ndendende. Mayeso atatuwa akayenda bwino ndiye kuti pini ndi yamoyo, ADC ndi yamoyo. Koma apa pali msampha umene wagwira anyamata ambiri amene ndawaphunzitsapo. Mayeso amenewa sanena kanthu za ndowa. Kaya magetsi ndi 4.5V kaya 5.2V, pini ya 5V ipereka 1023 ndipo pakati papereka 512, chifukwa choyezedwa ndi choyezera zikuchokera pa mtsinje umodzi. Kuyesa ndi potentiometer, resistor yopotokola ija, yolumikizidwa ku 5V n'chimodzimodzi: manambala amakwera bwino kuchoka pa 0 mpaka 1023, munthu n'kusangalala, koma funso lake silinayankhidwe.

Shuga wathu weniweni ayenera kukhala voltage yosadalira 5V ija. Yoyamba ili pa bolodi pomwepo, pini ya 3.3V, imene ili ndi regulator yakeyake, kachipangizo kosunga voltage pamalo amodzi. Iyezeni ndi multimeter, ndiye muigunditse ku A0. Magetsi akakhala 5.00V muona cha pa 675. Akakhala 4.70V muona cha pa 718. Tsopano sinthani, chotsani pa laputopu mubaye pa tchaja. Mudzaona ndi maso anu nambala ikusuntha pamene multimeter ikunenabe 3.3V yomweyo. Pamenepo mlandu wanu watha.

Yachiwiri ndi batire laling'ono la tochi kapena la rimoti, la AA. Latsopano limakhala pakati pa 1.5V ndi 1.6V. Mbali yosalala ipite ku GND, ya kamutu ipite ku A0, ndipo musatembenuze, chifukwa pini za chip chimenechi sizilola voltage yotsika kupitirira theka la volt pansi pa GND. Ngati multimeter yati 1.58V, yembekezani 323 pa magetsi a 5.00V, kapena 344 pa 4.70V. Mabatire awiri ondondozana akupatsani malo ena oyezera cha pa 3.1V. Lamulo lake ndi limodzi: voltage yoyezedwa, kugawa ndi voltage ya pa pini ya 5V, kuchulukitsa ndi 1024. Nambala ikasiyana ndi masamu ndi magawo awiri, atatu kapena anayi, musadandaule, ndi mmene zida zimenezi zilili. Ikasiyana ndi 30, pali chofunika kufufuza. Ena amakangana kuti tigawe ndi 1023 kapena 1024. Kusiyana kwake ndi gawo limodzi pa 1,000, pa batire lanu sikukwana ndi 0.02V, si nkhani yogonera mochedwa.

Pali kachipangizo kena kamene ndimakakonda, TL431. Kali ndi miyendo itatu ngati transistor, ndipo kamapezeka m'ma power supply akale a kompyuta ndi m'matchaja ambiri a laputopu amene anthu amataya. Mwendo wapakati upite ku GND, iwiri yam'mbali muimange pamodzi, ndipo pa mfundoyo mubweretse 5V kudzera mu resistor ya 1k. Mfundoyo imakhala pa 2.495V, kaya magetsi atsika kaya akwera, ndipo kamtundu wamba kwambiri sikaphonya kupitirira magawo awiri pa 100. Pa 5.00V kamapereka cha pa 510, pa 4.70V cha pa 543. Musakaikire capacitor ya 100nF pa miyendo yake, kamayamba kunjenjemera n'kusokoneza voltage. Ndipo pochotsa m'chotengera chakale samalani ndi ma capacitor akuluakulu aja, amasunga moto ngakhale chinthu chitazimitsidwa kalekale.

Ubwino wa TL431 ndi wakuti imayesanso multimeter yanu, chifukwa nayo si mneneri. Timamita tachikasu totchipa tija, batire lake la 9V likafooka, timayamba kuwonjezera manambala. Ine zinandichitikira. Ndinapita pa golosale ina cha ku Chinkhoma, ndinayeza batire n'kupeza lapitirira 15V, ndinauza mwini wake molimba mtima kuti controller, bokosi lolamulira kutchajidwa kwa batire, yafa, ikuphika batire. Mwamwayi ndisanaichotse ndinaona kachizindikiro ka batire pakona pa galasi la mita yanga. Nditasintha batire la 9V, mita inati 13.8V. Manyazi ake sindiiwala. Chiyambireni ndimayenda ndi TL431 yomangidwa pa kabolodi m'chikwama, ndipo mita ikanena zotalikirana ndi 2.5V sindiimvera tsiku limenelo.

A0 ikapambana mayeso, bwezerani ma resistor anu a 33k ndi 10k, muwayese nawonso. Yang'anani mzere wotsiriza pa thupi lake. Ukakhala wagolide, resistor imeneyo imaloledwa kuphonya ndi magawo asanu pa 100. Zikumveka zochepa, koma wina akaphonyera m'mwamba mnzake m'munsi, batire la 12.5V likhoza kuoneka ngati 11.6V kapena 13.5V. Kumbukirani kuti batire la asidi lodzaza, litapuma, limakhala pakati pa 12.6V ndi 12.8V, ndipo likafika cha pa 12.1V ndiye kuti latsala theka. Moyo wonse wa batire uli m'kati mwa volt imodzi yokha, ndiye kuphonya kotere n'kokwanira kukuphetsani mazira pa tsiku la 18. Njira yake ndi yosavuta: yezani batire, yezani pakati pa ma resistor, gawani. Pa pepala yankho ndi 4.3, koma gwiritsani ntchito limene mwapeza inuyo. Ma resistor a mzere wa bulauni, ophonya gawo limodzi pa 100, ndi abwinoko mukawapeza.

Tsopano mankhwala. Njira yachidule ndi kuchotsa 5.0 mu pulogalamu n'kulembamo voltage imene mwayeza, monga 5.12. Imagwira ntchito ngati Arduino izidya pa tchaja imodzi yomweyo moyo wake wonse. Ine sindiikonda, chifukwa belu likalira kapena relay (switchi yoyendera magetsi) ikagwira, 5V ija imatsika pang'ono, ndowa yasinthanso.

Chimene ndingachite ndikanakhala inu ndi ichi. M'kati mwa ATmega328P muli muyezo wina wa 1.1V umene sutengera magetsi akunja. Mumausankha polemba lamulo la analogReference n'kulipatsa mawu oti INTERNAL, koyambirira kwa pulogalamu. Mukatero 1023 ikutanthauza 1.1V, choncho ma resistor ayenera kutsitsa kwambiri. Ikani 150k m'malo mwa 33k, 10k ikhale pomwepo. Izi zimagawa voltage ndi 16: batire la 12.5V lifika pa A0 lili 0.78V, ndipo ngakhale masana controller ikakweza mpaka 14.4V mukadali m'kati. Chenjezo ndi lakuti 1.1V imeneyi si yofanana pa chip chilichonse. Opanga ake amanena kuti ikhoza kukhala paliponse pakati pa 1.0V ndi 1.2V. Koma pa chip chanucho imakhazikika, ndipo chokhazikika chimakonzeka. Yezani batire ndi multimeter, muone nambala yosaphika nthawi yomweyo. Tiyerekeze mita yati 12.50V, Arduino yati 741. Gawani 12.50 ndi 741, mupeza 0.01687. Nambala imeneyi ndiyo muzichulukitsira, ndipo yameza zolakwa za ma resistor ndi za 1.1V pamodzi. Musakhutire ndi malo amodzi. Masana dzuwa likuswa mtengo yezaninso: mita ikati 14.1V, Arduino iyenera kunena cha pa 836. M'mamawa kusanache, batire litatsika, yezaninso. Malo atatuwa akagwirizana, chida chanu mukhoza kuchigonera tulo. Mukadzasintha bolodi, bwerezani zonsezi, nambala ya chip china sigwira pa chinzake. Nambala yoyamba mukangosintha muyezo muziitaya, imakhala yosakhazikika.

Pali pini yolembedwa AREF yolowetsera muyezo wakunja. Pakadali pano isiyeni. Mukaikapo voltage pulogalamu isanauzidwe kuti EXTERNAL, mumagundanitsa magetsi awiri m'kati mwa chip, ndipo apo ndiye yapsadi.

Za kuvinavina kwa manambala, funso ndi lakuti akuvina motani. Kusuntha ndi gawo limodzi kapena awiri ndi chibadwa, kungoti pa ma resistor anu gawo limodzi ndi 0.02V, ndiye pa galasi zimaoneka ngati nkhani yaikulu. Akamadumpha ndi 20 kapena 50, yambani ndi GND. Mbali ya negative ya batire iyenera kulumikizana ndi GND ya Arduino, ndi waya wogwira zolimba. Popanda zimenezo A0 imangotola mphepo, mukayandikiza dzanja nambala imasintha. Tibolodi tobayabaya tija timamasuka, makamaka ndi fumbi la mwezi wa Okutobala, choncho mukamaliza kuyesa wotcherani ndi soda. Waya woyezera achokere pa mitu ya batire penipeni, asadumphire pa waya wa hita, chifukwa hita ikayaka waya ameneyo amadya voltage ina panjira. Ikani capacitor ya 100nF pakati pa A0 ndi GND pafupi ndi bolodi. Ndiye mu pulogalamu werengani ka 200 motsatizana n'kutenga avereji. Kuwerenga kumodzi kumatenga pafupifupi gawo limodzi pa 10,000 la sekondi, ndiye ka 200 n'kuyandikira 20ms, utali wa funde limodzi la magetsi a 50Hz, ndipo phokoso lochokera ku inverter kapena ku mawaya a ESCOM limazimirira mu averejimo. Komanso musakopeke kuika ma resistor akuluakulu, monga 1M ndi 330k, pofuna kusunga batire. ADC imeneyi inapangidwira gwero la 10k kapena kucheperapo. Anu a 33k ndi 10k amaoneka ngati 7.7k kwa iyo, a 150k ndi 10k ngati 9.4k, onse ali bwino.

Ndikudziwa kuti tsiku lina mudzafuna kuti chenjezo lizibwera pa foni, mudzagula ESP32, bolodi ina yokhala ndi WiFi. Mayeso ake ndi omwewa koma manambala ndi ena: imawerenga 0 mpaka 4095, pini zake sizilola kupitirira 3.3V, ndipo kumunsi kwenikweni ndi kumtunda kwenikweni imakhota, siyenda mzere woongoka ngati Uno. Pamenepo muyese malo asanu kapena kuposerapo, mugwiritse ntchito pini za ADC1, GPIO32 mpaka GPIO39, chifukwa za ADC2 sizigwira WiFi ikayaka. Musadzagunditse 5V pa pini yake monga tachitira pa Uno.

Zoopsa zenizeni si za Arduino, ndi za batire. Batire la sola likagunditsidwa waya amafiira nthawi yomweyo, ndipo makina anu ndi a matabwa. Pa waya aliyense wochoka pa positive, ngakhale woyezera, ikani fyuzi yaing'ono pafupi ndi mutu wa batire. Musalumikize 12V ku A0 popanda ma resistor ngakhale kwa kamphindi, malire a pini ndi theka la volt pamwamba pa magetsi a chip. Musayeze mbali ya panelo ndi ma resistor omwewa: panelo ya 12V yopanda katundu imapitirira 20V, ndipo ma controller ena amalumikiza mbali ya positive m'malo mwa negative, moti GND yanu ikhoza kudutsa pamene sipayenera. Poyesa, laputopu iziyendera batire lake, isakhale pa inverter ya batire lomwelo. Ndipo podyetsa Arduino kuchokera ku batire lalikululo, gwiritsani ntchito tchaja ya foni ya m'galimoto. Kulowetsa 14V pa pini yolowetsera magetsi ya VIN kumatenthetsa regulator, makamaka LCD ndi relay zikamadyera pomwepo. Magetsi a 230V, kaya a ESCOM kaya a inverter, asayandikire A0 mwa njira iliyonse.

Ngati A0 yakana mayeso a GND ndi 5V aja, yesani A1, A2 kapena A3. Nthawi zambiri imafa pini imodzi, zinazo zili bwino. A4 ndi A5 zisiyeni ngati LCD yanu ndi ya mawaya anayi, chifukwa imalankhulira pamenepo. Pini zonse zikakana, kapena chip chikamatentha, pitani nayo kwa okonza mawailesi kapena masola. Ngati Uno yanu ndi ya chip chachitali chokhala pa soketi, amangozula n'kuikapo china chokhala ndi bootloader, kapulogalamu kolandirira mapulogalamu anu, osagula bolodi yonse. Muitanenso wa masola ngati mayeso asonyeza kuti Arduino ikunena zoona koma batire likupitirira 15V masana, likutupa, likununkha ngati dzira lovunda, kapena likugwa kuchoka pa 12.6V madzulo kufika pansi pa 12V pakati pa usiku ndi hita yaing'ono. Pamenepo belu lingokudzutsani usiku uliwonse, koma wodwala ndi batire kapena controller.

Za belulo, musadikire 11V, chifukwa cha pamenepo ma controller ambiri amakhala akudula kale magetsi. Ine ndingaliike pa 11.9V hita ili yoyaka, ndipo lizilira pokhapokha voltage yakhala pansi kwa mphindi yathunthu, kuti lisamakudzutseni nthawi iliyonse hita ikayaka. Musanaikemo mazira ena, siyani makinawo ayende usiku uwiri opanda kanthu, muzilemba nambala ya Arduino ndi ya multimeter pogona, pakati pa usiku ndi m'bandakucha. Manambala asanu ndi limodzi a mbali iliyonsewo mudzanditumizire, pamodzi ndi voltage ya pa pini ya 5V pa laputopu. Ndikufuna ndione ngati 4.7 yanga ija yalondola.